Owamba Ng'oma: Amisiri Amene Anafikitsa Wailesi ku Chipata

Anthu akamabwerera kucoka ku Mkaika pambuyo pa mwambo wa Kulamba, nkhani imakhala ya gule amene wavina bwino ndi ya woimba ng'oma amene manja ake sanatope. Palibe amene amachula munthu uja wa kumbuyo kwa bwalo, amene anasonkha kamoto ka udzu n'kumawamba ng'oma kuti cikopa cikungike. Koma iye akangosinza, ng'oma imalira ngati cidebe cobooka, ndipo gule amazirala.

Mbiri ya wailesi m'dziko lino tinaisunga cimodzimodzi. Timakumbuka mau. Agogo athu amachula Alick Nkhata ndi gitala yake. Makolo athu amachula Julius Chongo ndi nthano zake za pa Poceza M'madzulo. Ife a ku Kapata, ku Mchini ndi ku Navutika tinakula tikumva Gogo Breeze akuyankha makalata a omvera. Onsewa anali kukamba ali m'kacipinda kotseka, patsogolo pa maikolofoni, ndipo mau a munthu paokha safika ngakhale kuseri kwa msika wa Kapata. Amene amawanyamula kuwafikitsa ku Chadiza kapena ku Vubwi ndi makina ochedwa transmitter, ndipo makinawo ali ndi munthu wowasunga. Nkhani ino ndi ya munthu ameneyo. Kuyambira 1941 kufika lero, funso lakuti ndani akumva nkhani za dziko ndipo ndani watsala mumdima lakhala likuyankhidwa ndi manja ake.

Mawati 300 mu Lusaka

Wailesi inabwera kuno ndi nkhondo. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, anyamata ambiri a m'Northern Rhodesia analembedwa usilikali, ndipo anakafika ku Somaliland, ku Ethiopia mpaka ku Burma. Boma la atsamunda linafuna njira youzira abale ao otsala kumudzi mmene nkhondo inali kuyendera, ndiponso kuti aimve mmene bomalo linali kufunira. Motero mu 1941 linaimika transmitter ya mawati 300 mu Lusaka. Kuti muone kucepa kwake, nsimbi ya malaiti yositira yunifomu imadya mphamvu yoposa pamenepo katatu. Koma kamakina kameneko ndiko kanayamba kukamba ndi anthu akuda m'zinenero zao.

Nkhondo itatha, mkulu wa zofalitsa nkhani za boma, Harry Franklin, anakakamira kuti siteshoni ya Lusaka ikule ndi kutumikira anthu akuda a m'maiko atatu: Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Inachedwa Central African Broadcasting Station. Cinyanja cinali pakati pa zinenero zake zoyamba, pakuti cinali kumveka kuno kum'mawa, ku Nyasaland, ndiponso m'migodi ndi m'mafamu kumene anthu athu anapita kukafuna nchito.

Vuto linali lakuti wokamba analipo koma womva anali wosowa. Mawailesi a nthawi imeneyo anali okwera mtengo, ndipo ambiri anali kufuna malaiti. Munthu wamba anali kumvera wailesi pokhapo atapita ku boma, ku misheni kapena ku holo ya m'komboni. Franklin anatha zaka zitatu akucondelera makampani a ku Britain kuti apange wailesi yochipa ya batire. Pomaliza kampani ya mabatire ya Ever Ready inavomera, ndipo mu 1949 kunabwera wailesi imene inachuka ndi dzina lakuti Saucepan Special, cifukwa thupi lake linali ngati sefuliya yopanda cogwirira. Inali ya buluu, ya mainchi 9 m'mimba mwake, yokhala ndi mavalavu anai mkati. Mtengo wake unali mapaundi 5, ndipo batire yake yaikulu, imene inali kukhala maola ngati 300, inali paundi imodzi ndi masheleni 5. M'miyezi itatu yoyamba anagulitsa mawailesi 1,500, ndipo m'zaka zocepa zotsatira anaitanitsa okwana 50,000. Peter Fraenkel, amene anagwira nchito pa siteshoniyo, anafotokoza zaka zimenezi m'buku la 1959 limene analicha Wayaleshi, dzina limene anthu anali atapatsa kale cinthuco.

Mmene mau analumphira Luangwa

Kucoka ku Lusaka kufika ku Fort Jameson, dzina lakale la Chipata, pali msewu wa makilomita pafupifupi 570, wodutsa m'mapiri ndi kuoloka Luangwa. Sefuliya ya buluu ija inalibe waya woilumikiza ndi Lusaka. Nanga mau anali kufika bwanji?

Yankho lili kumwamba. Pakati pa makilomita 100 ndi 400 kucoka pansi pali mpweya wopyapyala umene kuwala kwa dzuwa kumaupatsa mphamvu ya magetsi. Asayansi amaucha ionosphere. Mafunde a wailesi a mtundu wa shortwave akaponyedwa kumwamba amagunda mpweya umenewu n'kubwerera pansi kutali, monga umacitira mpira ukauponya pacipupa mopendeketsa. Ndiye kuti nyimbo za Alick Nkhata sizinadzere ku Kacholola ndi ku Nyimba ngati basi. Zinakwera kumwamba n'kutsikira pa Fort Jameson.

Koma cipupa ca kumwambaco sicikhala cimodzimodzi nthawi zonse. Cimasintha usana ndi usiku, cilimwe ndi dzinja, ndipo mafunde amene amabwerera bwino masana amasiyana ndi amene amabwerera bwino usiku. N'cifukwa cake pagalasi la wailesi ya agogo panali manambala monga 31, 41, 49, 60 ndi 90. Anali mamita a kutalika kwa funde limodzi. Nthawi yosintha ikakwana, mmisiri wa ku transmitter anayenera kusamutsa siteshoni kuicotsa pa mafunde a masana kuiika pa a usiku, ndipo anali ndi mphindi zowerengeka cabe. Akacedwa kapena akaphonya pang'ono, cigawo conse ca kum'mawa cinali kumva mkokomo wokhawokha. Ngakhale kulira kwa nkhwazi kumene wailesi ya dziko lathu inadzachuka nako kunali ndi nchito yake: kunali kuthandiza womvera kupeza siteshoni pakati pa phokoso pulogalamu isanayambe. M'zaka za pambuyo pake, Radio 1 inali kupezeka pa 5915 kHz ndipo Radio 2 pa 6165 kHz, zonse m'dera la mamita 49, kucokera ku makina a ku Shorthorn kunja kwa Lusaka.

M'nyumba ya mavalavu

Transmitter yamphamvu ya masiku amenewo inali ngati makabati acitsulo angapo oimikidwa pamzere. Mtima wake unali mavalavu, zipangizo zooneka ngati mababu akuluakulu, zotentha kwambiri moti zinafuna mphepo ya mafani kapena madzi kuti zisapse. Soketi ya m'nyumba mwanu ili ndi mavolti 230, koma mkati mwa makabati aja munali mavolti masauzande. Mmisiri anali kufika kukali mdima, kuyatsa mavalavu kuti atenthe pang'onopang'ono, ndipo atatentha ndi pamene anali kulowetsa mphamvu yaikulu. Kupupuluma kunali kupha valavu yamtengo wapatali, imene inzake yolowa m'malo inayenera kucoka kutsidya kwa nyanja.

Ngakhale makina atazimitsidwa, imfa inali kukhalabe mkati. Zipangizo zochedwa capacitor zimasunga magetsi kwa nthawi ndithu, monga phulusa limasungira moto. Asanapise dzanja, mmisiri anali kukhudza paliponse ndi ndodo yolumikizidwa ku nthaka kuti magetsi otsala athawire pansi. Lamulo lina limene amisiri amaphunzitsana mpaka lero ndi lakuti dzanja limodzi likhale m'thumba, kuti magetsi akakugwira asadutse pacifuwa kucoka dzanja ili kupita linalo. Panalinso buku. Nthawi ndi nthawi mmisiri anali kuwerenga mageji onse n'kulemba manambala ake. Bukulo linali ngati khadi la mwana la ku sikelo: nambala ikayamba kutsika pang'onopang'ono, wodziwa anali kuzindikira kuti valavu yakalamba, n'kuisintha isanafere pakati pa nkhani za madzulo.

Maudindo a umisiri umenewu poyamba anali m'manja mwa azungu. Munthu wakuda analoledwa kukamba ndi kuimba pa maikolofoni, koma makina anali nkhani ina. Mpaka 1959 lamulo silinali kulola anthu akuda a m'Northern Rhodesia kulembedwa ngati ophunzira umisiri pa nchito, ndipo pamene dziko linalandira ufulu pa 24 October 1964, anthu a ku Zambia okhala ndi digiri anali ngati 100 cabe. Kusintha dzina pacikwangwani kunali kosavuta. Federal Broadcasting Corporation ya 1958, imene likulu lake linali ku Salisbury, inagawika. Kuno kunabwera Zambia Broadcasting Corporation mu 1964, Zambia Broadcasting Services mu 1966, kenako ZNBC mu 1988. Koma kuphunzitsa munthu mpaka adziwe kuti makina adwala pongomva kalilidwe ka fani kunatenga zaka. Masukulu monga Northern Technical College ku Ndola ndi Zambia Institute of Technology ku Kitwe ndiwo anayamba kutulutsa amisiri akuda a zamagetsi. Mbendera inakwera usiku umodzi, koma kuti mlengalenga wa dziko ukhale m'manja mwathu panafunika mbadwo wonse wa anthu ophunzira makina.

Mafunde ndi ndale

Mu January 1973 Ian Smith anatseka malire a Rhodesia ndi Zambia. M'caka comweco Zambia inatsegula wailesi yokamba ndi maiko akunja, posewenzetsa matransmitter amphamvu ocokera ku China. Zipani zomenyera ufulu zinapatsidwa nthawi pa makina amenewa: ANC ndi Radio Freedom yake, ZAPU, ZANU ndi SWAPO. Munthu wa ku Soweto kapena ku Highfield amene anali kumvera mobisa, wailesi ili pansi pa bulangeti, anali kumva mau oponyedwa kucoka ku milongoti ya kunja kwa Lusaka. Mmisiri wa pa shifiti ya usiku ndiye anali kuonetsetsa kuti mphamvu sikutsika ndipo siteshoni siikucoka pamalo pake. M'mabuku a nkhondo ya ufulu mumadzaza maina a atsogoleri a zipani, pamene wa pa shifiti uja amangodutsidwa.

Boma la tsankho la ku South Africa linadziwa bwino mphamvu ya shortwave. Linali kusokoneza mafunde a Radio Freedom ndi phokoso, ndipo kuyambira kuciyambi kwa zaka za m'ma 1960 linafalitsa Radio Bantu pa FM. Cimodzi mwa zokoma za FM kwa iwo cinali cakuti siyenda kutali: munthu wokhala ndi wailesi ya FM yokha sakanamva mau ocokera ku Lusaka. Apa mpamene tiona kuti posankha mtundu wa mafunde, boma limasankhanso amene adzamva ndi amene sadzamva.

Kwathu kuno tinaona mbali ina ya nkhani yomweyi. Pa 30 June 1990 Lieutenant Mwamba Luchembe analengeza pa wailesi kuti asilikali atenga boma. Pa 28 October 1997 Captain Steven Lungu, wodzicha Captain Solo, anacita cimodzimodzi. Onse awiri analephera m'maola ocepa, koma onse anathamangira kumalo amodzi, ku Mass Media mu Lusaka. Anadziwa kuti mau a boma anali kutulukira pakhomo limodzi, ndipo makina a kuseri kwa khomolo anali kufika ku Chipata, ku Mongu ndi ku Kasama pa mphindi imodzi. M'dziko lotero, amene waima pakhomopo amaoneka ngati wagwira dziko lonse.

Kukwera phiri la Kanjala

Makomo anayamba kuculuka pambuyo pa cisankho ca 1991. Radio Christian Voice inayamba mu 1994, Radio Phoenix mu 1996. Kuno kum'mawa kunabwera Radio Maria ya Akatolika, kenako Breeze FM imene Mike Daka, amene kale anali mkulu wa ZAMCOM, anaiyambitsa mu 2002. Ku Lundazi kuli Chikaya, ku Katete kuli Mphangwe, ku Petauke kuli Explorers ndi PASME. Kusintha kwa malamulo kunatsegula njira, koma cimene cinatheketsa kuti chalichi kapena gulu la anthu a m'boma limodzi likhale ndi siteshoni yaoyao ndi makina atsopano: transmitter ya FM yopanda mavalavu, yaing'ono ngati sutikesi, ya mtengo umene anthu angasonkherane.

FM inapangidwa ndi Edwin Armstrong wa ku America mu 1933. Imakhala pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, ndipo funde lake limodzi ndi lotalika mamita ngati atatu. Mau ake ndi oyera, opanda mkokomo wa shortwave. Koma mafunde ake sabwerera kucoka kumwamba. Amaboola ionosphere n'kupitirira. Amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi, ndipo amathera pamene dziko lapindikira kapena pamene phiri latsekereza.

Motero mmisiri wa FM amafuna msinkhu kuposa mphamvu. Pali kasamu kosavuta: eriyo yokwezedwa mamita 100 pamwamba pa dera lozungulira imaona mtunda wa makilomita ngati 40, ndipo kuti mtundawo uwirikize kawiri, msinkhu uyenera kuwirikiza kanai. Mlongoti wa mamita 400 ndi ndalama zimene siteshoni ya kuno singakwanitse, koma mzinda wa Chipata unapatsidwa mapiri mwaulere. Ndico cifukwa cake mukakweza maso muli m'tauni mumaona milongoti pa Kanjala. Situdiyo imakhala pansi, pafupi ndi anthu. Mau amatumizidwa kuphiri pa kanjira kao ka mafunde, ndipo kumeneko transmitter imawakuza n'kuwamwaza. Mapiri omwewo ali ndi kuipa kwake. Mudzi wa kuseri kwa phiri umakhala mumthunzi, osamva kanthu, pamene mudzi wakutali koma wa pamtetete ukumva bwino. Kuti mau atsikire kucigwa kapena apitirire malire a maso, pamafunika transmitter ina yolandira ndi kuponyanso, ndipo iyonso ifuna mlongoti wake, malaiti ake ndi munthu wake.

Kusintha kumene FM inabweretsa kunali kwakukulu. Pa shortwave, Lusaka inali kukamba, ife n'kumamvera. Pa FM anthu a kum'mawa anayamba kukambirana okhaokha: uthenga wa maliro, ng'ombe yosowa, feteleza wocedwa, mtengo wa thonje ndi soya, mlimi wodandaula ndi sikelo ya ogula mbeu. Harri Englund analemba buku mu 2018 lonena za Gogo Breeze, a Grayson Peter Nyozani Mwale, ndi ufulu wa kulankhula umene anthu wamba anaupeza kudzera mwa iwo. Koma ufulu umenewo uli ndi malire amene mungawajambule pa mapu. Umathera pamene mafunde athera.

Mafundewo sadziwa cipata ca Mwami. Ku Chipata anthu akhala akumvera MBC kwa zaka zambiri, ndipo a ku Mchinji amamva masiteshoni a kuno. Kuti oyandikana asaponderezane, maiko anagawana mafunde a FM pa mgwirizano wa ku Geneva wa 1984, pansi pa bungwe la ITU. Muno m'dziko ZICTA ndiyo imapatsa siteshoni malo ake pa mafunde, ndipo IBA, imene lamulo lake linapangidwa mu 2002, imapereka cilolezo coulutsira. Mapepala amakhala mu ofesi, koma wosunga malire enieni ndi mmisiri. Akalekerera makina, siteshoni yake imalima m'munda wa eni ake, kapena imataya phokoso pamwamba pa 108 MHz, pamene pali mafunde osewenzetsa oyendetsa ndeke.

Adani a mmisiri wa lero

Mavalavu anatha m'masiteshoni ang'onoang'ono, koma adani akalipo. Woyamba ndi mphenzi. Mlongoti wacitsulo pamwamba pa phiri ndiwo cinthu cacitali kuposa zonse, ndipo kuyambira November mpaka March mphenzi imaufunafuna. Sungailetse kugwa. Cimene ungacite ndi kuipatsa njira yacidule yolowera pansi isanalowe m'makina. Njirayo ndi malamba a kopa okwiriridwa m'nthaka, ndipo paphiri la miyala kuwakwirira bwino ndi nchito yaikulu. Akuba a kopa akafukula malambawo, palibe cimene cimaoneka kuti calakwika mpaka mvula yoyamba itagwa.

Waciwiri ndi madzi. Pali cingwe cacikulu conyamula mphamvu kucoka ku transmitter kukwera nayo ku eriyo. Madzi akalowa polumikizira, mphamvu ina imabwerera m'makina m'malo motuluka. N'cifukwa cake mmisiri akalowa m'kanyumba ka paphiri amayamba wayang'ana manambala awiri, mphamvu yopita ndi mphamvu yobwerera. Yobwerera ikakwera, makina amatentha, ndipo amadzicepetsa mphamvu okha kuti asapse. Ife a m'tauni sitizindikira kanthu, cifukwa tili pansi pa phiri penipeni. Amene amayamba kusowa siteshoni ndi a kumalekezero, amene alibe nyuzipepala, alibe TV, ndipo netiweki ya foni amakaipeza pamwamba pa culu. Makina akadwala, woyamba kutaika ndi womvera amene anali kuidalira kwambiri wailesiyo.

Kukonza vuto lotere kumafuna kukwera mlongoti. Wokwera amavala lamba womukoleka ku citsulo ndi cisoti, mnzake amatsala pansi akumuyang'ana, ndipo mphamvu imacepetsedwa kapena kuzimitsidwa, pakuti pafupi ndi eriyo mafunde amaocha mnofu. Wacitatu ndi fumbi ndi kutentha kwa October, pamene sefa za mafani zimatsekeka, makoswe amadya mawaya, mavu amamanga m'mabokosi, ndipo moto wa lupsa umakwera phiri ngati udzu sunalambulidwe.

Wacinai ndiye wamkulu masiku ano: malaiti. Tinaona kuzimazima mu 2015 ndi mu 2019, koma caka ca 2024 cinaposa zonse. Pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cafika pokhala tsoka la dziko lonse. Madzi anacepa ku Kariba, ndipo malaiti anali kupita maola oposa 12 patsiku. Kwa mmisiri, zimenezi zitanthauza kukweza dizilo kuphiri, kusintha oilo ya jenereta kawirikawiri, ndi kuteteza makina pamene malaiti abwerera mwaukali. Zitanthauzanso kuphunzira nchito yatsopano ya sola, mainveta ndi mabatire akuluakulu.

Nthawi ngati imeneyo ndiyo imaonetsa kufunika kwake. Foni ikatha moto, mabando akatha, netiweki ikagwa, kawailesi ka mabatire awiri kamakambabe. Kamakuuza tsiku logawa cimanga ca cithandizo, kumene kwabuka kolera, ndi nthawi imene mvula ikuyembekezeka. Koma kamakamba pokhapo ngati paphiri pali moyo. Masiteshoni ang'onoang'ono amakhalira ndalama zocepa za malonda ndi za mauthenga, ndipo si onse amene angalembe mmisiri wao wa nthawi zonse. Makina akafa, ena amayembekezera munthu kapena citsulo kucoka ku Lusaka, siteshoni ili zii. Ndiye kuti patapita zaka zoposa 80 kucokera pa mawati 300 aja, mau a kum'mawa nthawi zina akali kudikira basi ya pa Great East Road.

Nchito yofuna manja atsopano

Ena amati wailesi yatha, zonse zili pa intaneti. Koma foni imene muli nayo m'manjayo ndi wailesinso. Ili ndi transmitter yaing'ono mkati, ndipo ikukamba ndi mlongoti wa pafupi nanu. TV ya digito imene dziko linayamba kusamukirako mu 2015 imadaliranso matransmitter a paphiri. Munthu wodziwa mafunde, eriyo, kulumikiza makina ku nthaka ndi kusunga mabatire ali ndi nchito ku siteshoni ya wailesi, ku kampani ya mafoni, ku bwalo la ndeke ndi ku kampani ya sola. Luso lake ndi limodzi lomwelo.

Pa msika wa Kapata pali anyamata ndi atsikana amene amatsegula foni yakufa, kupima ndi multimeter, kuocherera kawaya kocepa ngati tsitsi, n'kuibweza kwa mwini wake ikuyaka. Dzanja ali nalo kale, ndi kuleza mtima komwe. Cimene cimasiyanitsa benchi ya pamsika ndi kanyumba ka paphiri ndi masamu, sayansi ndi pepala. Ana a sukulu amakonda kufunsa kuti lamulo la Ohm ndi masamu a mafunde adzawathandiza ciani. Limodzi mwa mayankho laima pa Kanjala. Njira zake zilipo: maphunziro a zamagetsi pa Chipata Trades Training Institute ndi masukulu ena a pansi pa TEVETA, diploma ku NORTEC, digiri ku Copperbelt University kapena ku UNZA, kenako kulembetsa ku Engineering Institution of Zambia. Ndipo amene sanafike pamenepo angayambe ndi cinthu capafupi. Pamene anzanu onse akupita ku siteshoni kukapempha kukhala pa maikolofoni, inu mukapemphe kunyamula cikwama ca zida ca mmisiri tsiku lokwera phiri. Mzere wa ofuna zimenezo ndi waufupi. Atsikana asadzicotse okha, pakuti makina safunsa amene wagwira sikuludiraiva.

Kwa eni masiteshoni pali pempho locepa. Pulogalamu ikatha mumathokoza woulutsa, wokonza nyimbo ndi othandiza ndi ndalama. Onjezerani dzina la wosunga makina. Mwana amene akumvera ku Chiparamba sangalakelake nchito imene sanamvepo kuti ilipo.

Kwa ife olemba, nchito ndi yofulumira. Amisiri amene anagwira mavalavu m'zaka za ZBS, amene anasamutsa mafunde dzuwa likulowa ndi kugona pafupi ndi makina usiku wa mphenzi, lero ndi nkhalamba zopuma pa nchito m'makomboni a Lusaka, Kitwe ndi m'matauni a m'zigawo. Mabuku ao a manambala ndi pepala, ndipo pepala limadyedwa ndi ciswe. Foni iliyonse ili ndi cojambulira mau. Amene ali ndi agogo, amalume kapena mnansi amene anagwirapo nchito imeneyi apite akakhale nao pansi, awafunse mmene anaphunzirira, amene anawaphunzitsa, ndi usiku umene siteshoni inazima. Anthu amenewa anatha moyo wao wonse akunyamula mau a ena. Ao tiwajambule akali moyo.